Nyali ya mabuleki ikamayakayaka: musanathire fuluwidi, pezani komwe yapita

Vutoli limayamba pang'onopang'ono. Galimoto ikuchoka pa boma la Kasungu kulowera ku Chamama, ikagunda bampu kapena ikakhota pakona, nyali yofiira ya mabuleki imaphethira n'kuzimanso. Pakatha masabata awiri imayamba kuchedwa kuzima. Mwini galimoto amagula kabotolo ka brake fluid, kuthira mpaka kudzaza, nyali n'kuzima. Mwezi usanathe yayambanso, ndipo kabotolo kamasanduka katundu wokhala m'buti.

Fuluwidi ya mabuleki siipsa ngati oyilo wa injini yokalamba. Imayenda m'njira yotsekeka, kuchoka m'kathanki kupita ku master cylinder (pampu yomwe pedulo ya buleki imakankha), kudutsa m'mapaipi mpaka kumatayala. Ikatsika m'kathanki, zifukwa zake ndi ziwiri basi: mapadi (tizidutswa tofinya disiki kuti tayala liime) adyeka kapena ikudontha penapake. Kuthira kumazimitsa nyali, chomwe chinayatsa nyaliyo n'kutsala pomwepo.

Yambani ndi kuona kuti yayaka ndi nyali iti

Pa dashibodi pali nyali zingapo zokhudza mabuleki, ndipo anthu amazisokoneza. Yofiira ndi kabwalo kokhala ndi chizindikiro cha mfuwu pakati ndi timizere tokhota mbali zonse, kapena imangolembedwa kuti BRAKE. Pa galimoto zambiri zochokera ku Japan, nyali imodzi yomweyi imagwira ntchito ziwiri: kukumbutsa kuti handibuleki ili m'mwamba, komanso kuchenjeza kuti fuluwidi yatsika. Yachikasu yolembedwa ABS, njira yoletsa matayala kuloka mukaponda mwamphamvu, ndi nkhani ina, tifikako. Galimoto za ku Ulaya monga Mercedes-Benz, BMW ndi Volkswagen zimakhalanso ndi ina ya kabwalo ka timizere toduladula mbali, yomwe imanena kuti mapadi afika pothera. Galimoto zambiri za ku Japan zilibe imeneyi. M'malo mwake mapadi ake ali ndi kachitsulo komwe kamayamba kulira pa disiki akatsala pang'ono kutha.

Mukapotoza kiyi osaliza injini, nyali yofiira ndi ya ABS ziyenera kuyaka. Ya ABS imazima pakapita masekondi ochepa, yofiira imazima injini ikalira ndipo handibuleki yatsitsidwa. Ngati pali ina yomwe siyaka n'komwe, babu yapsa kapena wina anaichotsa dala kuti abise vuto pogulitsa galimoto kapena popita ku COF, komwe amayeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Pogula galimoto yomwe yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, izi n'zoyenera kuziona musanapereke ndalama.

Nyali yofiira ikayaka muli paulendo, chepetsani liwiro, pondani buleki pang'ono mumve mmene pedulo ikuyankhira, kenako imani pamalo abwino. Pedulo ikafewa kapena ikamatsika kwambiri kuposa masiku onse, ulendo wathera pomwepo mpaka vuto lipezeke.

Kathanki

Imikani galimoto pamalo osapendekeka, tsitsani handibuleki mpaka pansi penipeni mutaika giya kapena P, tsegulani boneti. Pa galimoto za chiwongolero cha kumanja, kathanki kali kumbuyo kwa chipinda cha injini kumbali ya dalaivala. Pa maminibasi monga Hiace ndi malole ang'onoang'ono kamapezeka m'kati mwa kabini, nthawi zambiri m'mbali mwa dashibodi. Kali ndi mizere iwiri, MAX ndi MIN. Pukutani kunja kwake muone bwino osatsegula, chifukwa pa kathanki kakale dothi la m'kati limasiya mzere wakuda womwe umaoneka ngati fuluwidi ilipo pomwe yatsika kalekale. Walitsani tochi ya foni kumbuyo kwake n'kugwedeza galimoto pang'ono. Mzere weniweni umasuntha.

M'kati mwa kathanki muli kachinthu koyandama komwe kamayatsa nyali kakatsika. N'chifukwa chake nyali imayamba ndi kuphethira pakona, pamtunda kapena m'mabampu: fuluwidi ili pafupi ndi MIN, ikapendekera mbali imodzi kachinthuko n'kutsika kwakanthawi.

Mapadi akadyeka

Mapadi akamadyeka, pisitoni ya mu kalipa (chitsulo chogwira mapadi pa disiki) imatuluka pang'onopang'ono kuti iwatsatire, ndipo malo omwe yasiya kumbuyo amadzazidwa ndi fuluwidi yochokera m'kathanki. Kutsika kotere kumatenga miyezi yambiri. Chotsani tayala lakutsogolo muone. Padi yatsopano imakhala ndi nyama ya mamilimita pafupifupi 10 mpaka 12. Ikafika pa mamilimita 3 sinthani, musadikire kuti chitsulo chiyambe kukanda disiki. Onani padi ya m'kati ndi yakunja yomwe, chifukwa mapini a kalipa akauma ndi fumbi, imodzi imatha inzake ikadali yonenepa, ndipo yomwe imatha msanga kawirikawiri ndi ya m'kati, yosaoneka mukangosuzumira pa rimu.

Ngati mapadi ndiwo atha, musadzaze kathanki. Makaniko akamabweza mapisitoni m'kati kuti aike mapadi atsopano, fuluwidi yonse ija imabwerera m'kathanki. Ngati munali mutadzaza, imasefukira n'kutsikira pa booster (chipangizo choonjezera mphamvu ya phazi pa buleki) ndi pa penti, ndipo fuluwidi imadya penti. Ngati mapadi simugula lero, thirani pang'ono chabe kuti idutse mzere wa MIN.

Mapadi akadali bwino, ndiye kuti ikudontha

Apa ndiye pofunika kudekha. Fumbi la m'misewu ya dothi limathandiza, chifukwa limamatirira pomwe pali chinyontho n'kupanga matope akuda ooneka patali.

Yambani kumbuyo, chifukwa galimoto zambiri zomwe zili kuno, monga Vitz, Passo, Probox, Hiace ndi mapikapu, zili ndi madiramu kumbuyo, ndipo wheel cylinder, kasilinda ka m'kati mwa diramu, ndiyo imadontha kawirikawiri kuposa china chilichonse. Onani m'kati mwa tayala ndi pansi pa chimbale chachitsulo chomwe chili kuseri kwa diramu. Mukaona kunyowa, chotsani diramu n'kukweza pang'ono labala wa kumapeto kwa silinda. M'kati mwake muyenera kukhala mouma. Mukatuluka fuluwidi, silindayo yatha, ngakhale kunja kukuoneka kouma. Pa pikapu ndi minibasi, kunyowa kwa pamenepa kungakhalenso oyilo wa difu wodutsa pa silo ya shafuti. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: oyilo wa difu ndi wolemera, amanunkha kwambiri ndipo sachoka ndi madzi, pomwe fuluwidi ndi yopepuka ndipo imasungunuka m'madzi. Ma shoe (mapadi a m'diramu) omwe anyowa ndi chilichonse mwa ziwirizi asinthidwe mbali zonse ziwiri. Kuwatsuka ndi petulo kapena kuwawamba pamoto sikuwabwezera mphamvu, ndipo amachititsa galimoto kukokera mbali imodzi kapena tayala kuloka mwadzidzidzi.

Kutsogolo onani kuzungulira pisitoni ya kalipa ndi pa kanipo kochotsera mpweya. Kenako mapaipi a labala: pindani chiwongolero mpaka kumapeto, pindani paipi ndi dzanja muone ngati yang'ambikang'ambika, ndipo wina aponde buleki mwamphamvu inu mukuona ngati ikufufuma penapake. Paipi yomwe inabwezedwa molakwika posintha shoko imakhula pa tayala mpaka kubooka. Mapaipi achitsulo atsatireni pansi pa galimoto ponse, makamaka pomwe agwidwa ndi timakilipu, pamwamba pa difu, ndi pomwe miyala imamenya. Galimoto zomwe zinayendapo m'madera a chipale chofewa, komwe amathira mchere mumsewu, zimabwera mapaipi atachita dzimbiri kale.

Pali kudontha kumodzi komwe sikusiya dontho pansi. Silo yakumbuyo ya master cylinder ikatha, fuluwidi imalowa m'kati mwa booster, chitini chakuda chozungulira chomwe master cylinder yamangidwapo. Chizindikiro chake ndi penti yotukusira kapena kunyowa pansi pa pomwe ziwirizi zakumana. Masulani manati awiri ogwira master cylinder n'kuikokera kutsogolo pang'ono, osamasula mapaipi, muone kumbuyo kwake. Ikachuluka mu booster, injini ya petulo imatha kuiyamwa kudzera pa paipi ya vacuum n'kumatulutsa utsi woyera, munthu n'kuyamba kuganizira za gasiketi pomwe vuto lili kumabuleki.

Pa galimoto zina za magiya apamanja, kilachi imatunga m'kathanki komweko. Onani slave cylinder (kasilinda kokankha kilachi) pa giyabokosi, komanso pamwamba pa pedulo ya kilachi m'kati mwa galimoto, pomwe kapeti amanyowa.

Chizolowezi chofinya paipi yodontha ndi vice grip, kapena kuitseka ndi msomali kuti galimoto ipitirize ntchito, chimasiya tayala limodzi kapena awiri opanda buleki. Pikapu yodzaza mabelo a fodya popita ku Chinkhoma ikaponda buleki mwadzidzidzi ili choncho, imatembenukira mbali yomwe ikugwira.

Zomwe pedulo imanena

Injini ikulira, pondani buleki ndi mphamvu yapakati, gwirani kwa masekondi 30. Pedulo iyenera kuima pamalo amodzi. Ikamamira pang'onopang'ono koma kunja kulibe kudontha ndipo kathanki sikakutsika, malabala a m'kati mwa master cylinder akudutsitsa fuluwidi. Vuto limeneli siliyatsa nyali pa galimoto zambiri, ndipo limaonekera kwambiri mukaima nthawi yaitali phazi lili pa buleki.

Pedulo yofewa ngati siponji, yomwe imalimba mukaipopa kawiri katatu, ndi mpweya m'mapaipi. Pedulo yolimba bwino koma yogwirira pansi kwambiri, handibuleki nayo n'kumakwera kwambiri, kawirikawiri ndi ma shoe akumbuyo omwe atalikirana ndi diramu. Pedulo yolimba ngati mwala galimoto osafuna kuima ndi booster kapena paipi yake ya vacuum. Kuyesa kwake: zimitsani injini, popani kasanu mpaka pedulo ilimbe, igwireni, lizani injini. Booster ikakhala yabwino pedulo imatsika pang'ono pansi pa phazi lanu.

Kusankha fuluwidi

Werengani chivindikiro cha kathanki. Ngakhale galimoto zomwe mabuku ake ali m'Chijapani, mawu oti DOT 3 kapena DOT 4 amawerengeka. Toyota zambiri zakale zimalembedwa DOT 3, za ku Ulaya zambiri DOT 4.

Kusiyana kwake kwagona pa kutentha komwe fuluwidi imawira. Malinga ndi muyezo wa ku America wa FMVSS 116, komwe kunachokera mayina amenewa, DOT 3 yatsopano siyenera kuwira isanafike madigiri 205, DOT 4 madigiri 230, DOT 5.1 madigiri 260. Zitatuzi zimapangidwa kuchokera ku glycol ndipo zimasakanizika. Mutha kuthira DOT 4 m'galimoto ya DOT 3, koma musathire DOT 3 pomwe palembedwa DOT 4. Msampha uli pa DOT 5. Nambala yake ikuoneka ngati ili pakati pa 4 ndi 5.1, koma ndi ya silicone, nthawi zambiri imakhala ya mtundu wa pepo, siisakanizika ndi zinzakezo ndipo siyenera galimoto za ABS. Galimoto zina zatsopano za ku Ulaya zimafuna DOT 4 yopepuka yolembedwa LV, ndipo zikatero musaike ina.

Fuluwidi ya glycol imakoka chinyezi cha mumpweya, kudzera pa chivindikiro ndi m'mapaipi a labala omwe. Ikamwa madzi okwana 3.7 peresenti, muyezo womwewo umalola DOT 3 kuwira pa madigiri 140 okha, DOT 4 pa 155, DOT 5.1 pa 180. Pa msewu wa M1 pakati pa Kasungu ndi Lilongwe, komwe zitunda zake n'zochepa, kusiyana kumeneku simungakumve. Kumaonekera pa msewu wa M18 potsetsereka kupita ku Nkhotakota, galimoto itadzaza, phazi lili pa buleki kona ndi kona. Kalipa imatentha, madzi a mu fuluwidi amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika: pedulo imapita mpaka pansi osagwira kanthu. Choipa chake n'choti galimoto ikaima theka la ola n'kuzizira, pedulo imabwerera bwinobwino, dalaivala n'kuganiza kuti zatha. Fuluwidi imeneyo ndi yofunika kuichotsa yonse. Izi n'zosiyana ndi mapadi otentha kwambiri, pomwe pedulo imakhalabe yolimba, fungo lopserera n'kumamveka, koma galimoto osaima msanga. Zonse ziwiri zimapeweka potsetsereka ndi giya yaing'ono, kapena 2, L kapena B pa otomatiki.

Opanga galimoto ambiri amati fuluwidi isinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Galimoto zambiri zogula kunja zimafika, kuyenda zaka zisanu, fuluwidi yake osakhudzidwa. Yatsopano imaoneka ngati madzi kapena yachikasu pang'ono. Ikafika pooneka ngati tiyi wopanda mkaka ndiye kuti yakalamba, ngakhale kuti yooneka bwino nayo itha kukhala ndi madzi. Pali kachipangizo kooneka ngati cholembera komwe magalaja ena amayezera, ndipo kakaonetsa 3 peresenti sinthani.

Gulani botolo lomata pakamwa, laling'ono ngati n'longoonjezera. Yopimidwa m'mabotolo a madzi akumwa isiyeni, chifukwa simudziwa mtundu wake kapena kuti yakhala yotsegula miyezi ingati. Kabotolo komwe kakhala m'buti kotsegulidwa kuyambira dzinja latha nako n'kotaya.

Kuthira kwake, ndi zomwe siziyenera kulowamo

Pukutani chivindikiro ndi pozungulira pake musanatsegule, chifukwa kamchenga kamodzi kamakanda silinda. Kasefa ka pakamwa kasiyeni pomwepo. Thirani kuchokera m'botolo mwachindunji, kapena ndi fanelo yomwe sinakhudzepo oyilo. Lekezerani pa MAX, chifukwa fuluwidi ikatentha imafuna malo. Ngati labala wa pansi pa chivindikiro wakokekera pansi, mupindeni abwerere m'malo mwake musanatseke. Ikagwera pa penti thirani madzi ambiri nthawi yomweyo musanapukute, ikalowa m'maso tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi zingapo. Ndi poizoni munthu akamwa, choncho isasungidwe m'botolo la zakumwa pomwe ana amafika.

Dzina loti mafuta a mabuleki lasocheretsa ambiri. Fuluwidi si mafuta. Malabala a m'mabuleki anapangidwa kuti azikhala mu glycol, ndipo oyilo wa injini, ATF (oyilo wa giyabokosi ya otomatiki), oyilo wa pawa sitiyaring'i, palafini kapena dizilo amawatupitsa m'masiku ochepa. Chizindikiro choyamba ndi labala wa chivindikiro yemwe wakula mpaka kukana kulowa, kenako mabuleki amayamba kugwira okha matayala n'kumatentha. Mukazindikira kuti mwathira cholakwika musanaponde buleki, musaponde. Yamwani zonse ndi sirinji, kathanki kachotsedwe n'kutsukidwa kapena kusinthidwa, kenako fuluwidi yonse isinthidwe. Ngati galimoto yayenda kale, kutsuka kokha sikukwanira: master cylinder, ma wheel cylinder, malabala a makalipa ndi mapaipi a labala zonse zisinthidwe, ndipo pampu ya ABS nayo ingakhale itawonongeka. Madzi a sopo omwe ena amathira akafera kutchire amawira pa madigiri 100 ndipo amadyetsa masilinda dzimbiri.

Fuluwidi ilipo koma nyali sikuzima

Yambani ndi swichi ya handibuleki, kabatani kakang'ono pansi pa chogwirira. Kwezani ndi kutsitsa kangapo mukuona nyali. Ikamaphethira, swichi yapindika, yadzaza fumbi kapena waya wake wakhula pa chitsulo. Kenako zulani pulagi ya pa kathanki. Pa galimoto zambiri za ku Japan nyali imazima mukazula ngati choyandama chija chinakakamira pansi, ndipo kumenya kathanki pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva nthawi zina kumachimasula. Pa zina za ku Ulaya waya wake unalumikizidwa mosiyana moti kuzula kumayatsa nyali. Mukatha kuyesa, bwezeranipo pulagi.

Nyali yofiira ikayaka limodzi ndi ya batire, makamaka pa Toyota zakale, yang'anani alitaneta ndi lamba wake. Injini ikulira, batire iyenera kuonetsa pakati pa mavoti 13.5 ndi 14.5. Pa madizilo akale monga Isuzu za injini ya 4JA1 ndi 4JB1, pampu ya vacuum ili kumbuyo kwa alitaneta, choncho lamba akaduka booster imasowa mphamvu ndipo pedulo imauma mutangoponda kawiri katatu.

Nyali ya ABS ikayaka yokha, mabuleki wamba akugwirabe, koma mukaponda mwamphamvu pa msewu wa miyala kapena wonyowa matayala amatha kuloka. Kuno chomwe chimayambitsa kawirikawiri ndi sensa ya pa tayala: matope a dzinja ndi tizitsulo ta mapadi zimamatirira pamutu pake, kapena waya wake umaduka ndi zitsa. Ikayaka mutangosintha bering'i, funsani ngati bering'iyo ili ndi mbali ya maginito ndipo ngati mbaliyo yayang'ana ku sensa, chifukwa ikalowa chotembenuza palibe chochita koma kugula ina. Batire yofooka ndi fyuzi yopsa nazonso zimaiyatsa. Musagule masensa mongoganizira, makina a diagnosis amanena tayala lenileni. ABS ndi yofiira zikayaka pamodzi fuluwidi ili yokwanira, ndiye kuti njira yogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo yasiya kugwira, ndipo matayala akumbuyo atha kuloka msanga. Yendani pang'onopang'ono mpaka kugalaja.

Kubulida

Mukasintha silinda, paipi kapena kalipa, kapena kathanki kakauma mpaka pansi, mpweya uyenera kuchotsedwa. Kusintha fuluwidi yonse pa galimoto yaing'ono kumatenga pakati pa theka la lita ndi lita imodzi. Pamafunika anthu awiri (wina m'kati pa pedulo, wina pansi pa galimoto), sipanala ya ring'i ya 8 kapena 10, kapaipi koonekera m'kati ndi botolo lokhala ndi fuluwidi pang'ono pansi kuti nsonga ya kapaipi imire. Yamwani yakale m'kathanki, thirani yatsopano. Mwachizolowezi amayamba ndi tayala lakutali ndi master cylinder, lomwe pa galimoto ya chiwongolero cha kumanja ndi lakumbuyo kumanzere, n'kumalizira lakutsogolo kumanja, pokhapokha buku la galimotoyo litanena zina.

Wa pansi ndiye amalamula. Akati "Popani, achimwene," wa m'kati amaponda katatu pang'onopang'ono. "Gwirani," ndipo amagwira. Wa pansi amatsegula kanipo pang'ono, fuluwidi n'kutuluka, n'kutseka pedulo isanabwerere, ndipo pokhapo ndi pomwe amati "Siyani." Wa m'kati akasiya kanipo kali kotsegula, mpweya umabwereranso. Bwerezani mpaka ituluke yoyera yopanda thovu, ndipo mukatsegula kanayi kapena kasanu onani kathanki kasatsike kupitirira MIN. Pa galimoto yakale ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, chifukwa kumapeto kwa master cylinder, komwe labala safikako masiku onse, kumakhala dzimbiri lomwe limamudula. Kanipo kouma musakakakamize: kathireni mankhwala omasula dzimbiri, dikirani, chifukwa kakathyokera m'kati ndiye kuti mwagula kalipa.

Mukabulida kangapo pedulo n'kukhalabe yofewa, onani ngati makalipa sanasinthanitsidwe lamanja ndi lamanzere. Kanipo kayenera kukhala pamwamba, poti mpweya umakwera. Ngati mpweya walowa mu pampu ya ABS, pamafunika makina oti atsegule mavavu ake. Galimoto za hybrid monga Prius ndi Aqua zili ndi mabuleki oyendetsedwa ndi pampu yamagetsi yosunga fuluwidi pa mphamvu yaikulu, ndipo zimenezi zisabulidwe mwa njira yopopa ndi phaziyi popanda makina ake.